Fungo la sopo ndi zodzola: kumene limathera likalowa m'suweji

Lamulo latsopano la bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union lokhudza madzi a zonyansa ocokera m'mizinda linayamba kugwira nchito pa 1 Januwale 2025, ndipo kwa nthawi yoyamba laika udindo pa makampani opanga mankhwala a m'cipatala ndi opanga zodzoladzola kuti azilipira mbali yaikulu ya ndalama zoyeretsera madziwo.

Malinga ndi lamuloli, makampaniwa adzayenera kulipira 80 peresenti kapena kuposerapo ya ndalama zomangira ndi kuyendetsera gawo lacinai la kayeretsedwe ka madzi a suweji. Nchito ya gawoli ndi kucotsa timankhwala topezeka pa muyezo wocepa kwambiri, tomwe makina a masiku onse amalephera kutigwira. Masitesheni onse aakulu oyeretserako madziwa, olandira zonyansa zofanana ndi za anthu 150,000 kapena kuposerapo, ayenera kukhala ndi gawoli pofika caka ca 2045.

Pakati pa timankhwala topezeka m'madzi a suweji pali gulu lina lomwe anthu ambiri saliganizirako, kamba kakuti limafika pakhomo ndi fungo lokoma. Awa ndi mankhwala onunkhiritsa opangidwa m'mafakitale, ochedwa musk, omwe amathiridwa mu sopo wosambira, sopo wocapira, mankhwala ofewetsa zovala, mafuta odzola, shampu, pafyumu ndi mankhwala okolopera m'nyumba. Munthu akasamba kapena kucapa, mbali yaikulu ya mankhwalawa imatsika ndi thovu kulowa m'paipi.

Nkhaniyi ikukhudzanso dziko lino, popeza opanga zonunkhira padziko lonse amagwiritsa nchito mankhwala omwewa, ndiponso mzinda wa Lusaka uli mkati mokonzanso kayeretsedwe ka madzi ake a zonyansa. Zimene akatswiri apeza pa zaka zoposa 40 zapitazi zikuonetsa kuti sitesheni yoyenda bwino imacepetsa kwambiri mankhwalawa m'madzi, koma ambiri a iwo saonongeka. Amangosamuka kucoka m'madzi kulowa m'matope otsalira pa sitesheni, ndipo ulendo wao umapitirira kulikonse kumene matopewo apita.

Musk weniweni amacokera ku kanyama kooneka ngati gwape komwe kamakhala m'mapiri a ku Asia. Kamphongo kake kali ndi kathumba pamimba kotulutsa mafuta a fungo lamphamvu, ndipo alenje akhala akupha nyamazi kwa zaka mazanamazana pofuna kathumbako. Mafutawo anali okwera mtengo zedi, osatheka kuthiridwa mu sopo wa munthu wamba.

Mu 1888, katswiri wina wa ku Germany, a Albert Baur, ali mkati mofufuza za mankhwala ophulika, anapanga mwangozi mankhwala omwe ananunkhira ngati musk. Ici cinali ciyambi ca gulu lochedwa nitro musk, momwe muli musk xylene ndi musk ketone. Mankhwalawa anali ochipa, ndipo ananunkhiritsa sopo m'maiko ambiri kwa zaka pafupifupi 100 popanda wofunsa kumene amathera.

Funsolo linabuka mu 1981, pamene akatswiri a ku Japan anapeza musk xylene ndi musk ketone m'nsomba za mumtsinje wa Tama ku Tokyo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku Germany anawapezanso m'mafuta a m'thupi la munthu ndi mumkaka wa m'mawere. Makampani anayamba kuwasiya pang'onopang'ono. Mu 2008 bungwe la European Union linaika musk xylene pa mndandanda wa mankhwala odetsa nkhawa kwambiri, cifukwa saola msanga ndiponso amaunjikana m'matupi a zamoyo, ndipo kuyambira mu 2014 sagwiritsidwanso nchito kumeneko popanda cilolezo capadera.

Omwe analowa m'malo mwake ndi a gulu lina, lotsogozedwa ndi galaxolide ndi tonalide. Galaxolide anapangidwa ndi kampani ya International Flavors & Fragrances mu 1965, ndipo lero ndi mmodzi mwa mankhwala onunkhiritsa ogwiritsidwa nchito kwambiri padziko lonse, pa muyezo wa matani masauzande angapo pacaka. Sipanapite nthawi yaitali, olowa m'malowa anatsata mapazi a anzao: pofika mu 1994 anali atapezeka m'madzi ndi m'nsomba za m'dera la mtsinje wa Ruhr ku Germany.

Gwero la vutoli ndi lomwelo limene limapatsa mankhwalawa malonda. Wopanga sopo amafuna fungo losauluka msanga, losaonongeka ndi madzi otentha kapena ukali wa sopo, ndiponso lomamatira ku nsalu ndi pakhungu. Citenje cocapidwa Lolemba cikamanunkhirabe Lacisanu, wogula amati sopoyo ndi wabwino. Koma mankhwala olimba cotere pa nsalu amakhalanso olimba m'paipi, m'thanki ya pa sitesheni ndi mumtsinje. Galaxolide ndi tonalide sasungunuka bwino m'madzi. Amakonda mafuta ndi tizidutswa ta zinthu zoola, ndipo akakumana nato amakakamira pomwepo.

Muyezo wao m'madzi olowa pa sitesheni umaoneka wocepa. Kawirikawiri umawerengedwa m'mamaikulogalamu pa lita imodzi, ndipo maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu. Komabe madzi a mzinda ndi ambiri ndipo saleka kuyenda. Sitesheni yolandira malita 100 miliyoni patsiku, okhala ndi mamaikulogalamu 10 pa lita, imalandira kilogalamu imodzi ya mankhwalawo tsiku lililonse, kapena kuti makilogalamu 365 pacaka.

Kuti zimveke bwino zimene zimacitikira kilogalamu imeneyo, m'pofunika kutsata njira ya madziwo. Akafika pa sitesheni amayamba adutsa pa zitsulo zosefa zomwe zimakola nsanza, mapepala ndi mapulasitiki. Kenaka amalowa m'matanki aakulu momwe amayenda pang'onopang'ono kuti zolemera zikhazikike pansi. Zokhazikikazo ndizo matope a suweji, ndipo ili ndilo gawo loyamba.

Pa gawo laciwiri madziwo amaperekedwa kwa mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timadya zonyansa zotsala. Njira zake zilipo zingapo. Ena amawaza madziwo pamwamba pa mulu wa miyala yomwe tizilomboto tamerapo ngati ndere. Ena amapopera mpweya m'matanki momwe madzi asakanizidwa ndi matope odzaza tizilombo. Enanso amangowatsogolera m'maiwe aakulu osaya, momwe amakhala masiku ambiri padzuwa. Gawo lacitatu, kumene lilipo, limacotsa nayitrojeni ndi fosiforasi, zakudya za zomera zomwe zimacititsa udzu wa m'madzi kufalikira monga uja unavutitsa pa mtsinje wa Kafue.

Magawo onsewa sanakonzedwe ndi colinga cogwira mankhwala onunkhiritsa. Zilizonse zimene amacotsako zimabwera ngati mwai cabe.

Kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhaniyi anafalitsidwa mu 2002 ndi gulu lotsogozedwa ndi a Staci Simonich, lomwe linayeza mankhwala onunkhiritsa 16 pa masitesheni 17 a ku America ndi ku Ulaya pakati pa 1997 ndi 2000. Gululi linapeza kuti gawo loyamba lokha limacepetsa mankhwalawa ndi 14.6 mpaka 50.6 peresenti. Pophatikiza magawo awiri oyamba, masitesheni opopera mpweya m'matanki anacotsa 87.8 mpaka 99.9 peresenti, owaza madzi pa miyala anacotsa 71.3 mpaka 98.6 peresenti, pamene maiwe anacotsa 96.7 mpaka 99.9 peresenti. Ndi bwino kudziwa kuti ocita kafukufukuyu anali a kampani ya Procter & Gamble, yomwe imapanga sopo ndi zocapira, ngakhale kuti zotsatira zake zakhala zikugwiritsidwa nchito ndi akatswiri ena ambiri.

Coposa ziwerengerozo, kafukufukuyu anaonetsa kuti mankhwala onunkhiritsa amagawika pawiri. Pali ena, monga terpineol ndi benzyl acetate, omwe tizilombo timawadya mosavuta. Awa amatha ndithu, ndipo kutha kwao kumayendera limodzi ndi mmene sitesheni ikuolera zonyansa zina zonse. Palinso ena, monga galaxolide ndi tonalide, omwe tizilombo timalephera kuwaphwanya msanga. Kucepa kwa awa m'madzi kunayendera limodzi ndi kuculuka kwa tizidutswa tomwe sitesheni yakwanitsa kukhazikitsa pansi. Sitesheni yotulutsa madzi oyera mbee inali ndi musk wocepa m'madzi ake, ndipo yotulutsa madzi a litsiro inali ndi wambiri.

Apa ndi pamene mau akuti kucotsa amasokeretsa. Woyeza amatunga madzi polowera ndi potulukira, n'kuwerengera kusiyana kwake, ndipo akapeza 90 peresenti amalemba kuti mankhwala acotsedwa. Zili ngati munthu amene wasesa pabwalo n'kukaunjika zinyalala kuseri kwa nkhokwe: bwalo layera ndithu, koma zinyalala zikali pakhomo pomwepo.

Katswiri wina, a Kai Bester, anayesa kulondola mankhwalawa mbali zonse pa sitesheni ina yaikulu ku Germany, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2004. Iwo anapeza kuti pafupifupi 35 peresenti ya galaxolide ndi tonalide inadutsa sitesheni yonse osasintha n'kukalowa mumtsinje. Mbali yaikulu ya yotsalayo inapezeka m'matope. Kagawo kocepa ka galaxolide kanasandulika mankhwala ena ochedwa galaxolidone, omwe amasungunuka m'madzi mosavuta kuposa kholo lao, motero amatuluka ndi madzi oyeretsedwa. Zofanana ndi izi zinaonekanso pa nitro musk: pamalo opanda mpweya amasandulika mankhwala ena omwe nthawi zina amapezeka ambiri m'madzi otuluka kuposa mankhwala oyambawo. Woyeza amene akufunafuna dzina loyamba lokha angaganize kuti zonse zatha.

M'matope a suweji, galaxolide sawerengedwanso m'mamaikulogalamu pa lita koma m'mamiligalamu pa kilogalamu ya matope ouma, kutanthauza kuti waunjikana kuwirikiza mazana kapena masauzande. Masitesheni ambiri amasunga matopewa m'matanki otsekedwa opanda mpweya kuti aole ndi kutulutsa gasi. Njirayi imacepetsa fungo loipa ndi tizilombo ta matenda, koma siithetsa musk. Matope akauma amatenthedwa, amakwiriridwa kudzala, kapena amapita kumunda ngati manyowa.

Kumunda mankhwalawa amatha pang'onopang'ono, pa miyezi osati masiku. Akatswiri a bungwe la boma la America la United States Geological Survey analengeza mu 2008 kuti anapeza galaxolide ndi tonalide m'matupi a nyongolotsi za m'minda yothiridwa matope a suweji. Nyongolotsi ndi cakudya ca mbalame ndi tinyama tina. Kafukufuku wa ku Germany anaonetsanso kuti mbeu za mizu monga karoti zimatengako mankhwalawa kuposa mmene ndiwo zamasamba monga letesi zimacitira.

Kuopsa kwake kuyenera kuikidwa pa muyezo woyenera. Musk si kolera, ndipo samugwetsa munthu tsiku limodzi. Mu 2008 akatswiri a European Union ataunika galaxolide ndi tonalide anagamula kuti, pa muyezo womwe ankagwiritsidwa nchito nthawi imeneyo, panalibe cifukwa coonjezera malamulo ena. Ngakhale zili tero, bungwe lomwelo linaika galaxolide m'gulu la mankhwala oopsa kwambiri ku zamoyo za m'madzi, okhala ndi zotsatira zokhalitsa. Ku America, bungwe loteteza zacilengedwe la Environmental Protection Agency linamuika mu Disembala 2019 pa mndandanda wa mankhwala 20 ofunika kuunikidwa mwamsanga.

Nkhawa ina inacokera ku kafukufuku wa a Till Luckenbach ndi a David Epel a pa yunivesite ya Stanford, wofalitsidwa mu 2005. Iwo anayesa mankhwala a musk pa nkhono za m'nyanja za ku California, ndipo anapeza kuti amafooketsa timapampu ta m'maselo tomwe nchito yake ndi kutulutsa poizoni akalowa m'thupi. Kufookako kunapitirira kwa tsiku limodzi kapena awiri nkhonozo zitacotsedwa kale m'madzi a mankhwalawo. Tanthauzo lake ndi lakuti mankhwala omwe paokha saoneka oopsa kwenikweni angatsegulire khomo ena oopsa. Mumtsinje wolandira madzi a mzinda, mankhwala sayenda amodziamodzi.

Cinanso ndi cakuti mankhwalawa amalowa mumtsinje tsiku ndi tsiku mosalekeza. Ngakhale ena ataonongeka ndi dzuwa kapena kuuluka, atsopano amakhala afika kale, tero nsomba yokhala kumunsi kwa sitesheni imakhala m'madzi otere moyo wake wonse. Vutoli limakula pa timitsinje tating'ono, maka-maka m'cilimwe, pamene madzi ambiri oyendamo amakhala ocokera ku sitesheni komweko.

Dziko la Switzerland ndilo linayamba kucitapo kanthu pa muyezo wa dziko lonse. Lamulo lake linayamba kugwira nchito mu Januwale 2016, ndipo likufuna kuti masitesheni pafupifupi 100 mwa 700 aikidwe gawo lacinai locotsa 80 peresenti ya timankhwala totere. Ndalama zake zimacokera kwa nzika, zomwe zimalipira mpaka ma franc 9 pacaka munthu aliyense. Njira zogwiritsidwa nchito ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuthira m'madzi mpweya waukali wochedwa ozoni, womwe umaphwanya mankhwala, ngakhale kuti nao umasiya zotsalira zina zofunika kusefedwanso. Yaciwiri ndi kudutsitsa madzi m'makala okonzedwa mwapadera, omwe amayamwa mankhwala okonda kumamatira monga musk. Dzikoli linatsekanso khomo linalo: kuyambira mu 2006 linaletsa kuthira matope a suweji m'minda, ndipo matopewo amatenthedwa.

Lamulo la European Union latengera njira ya Switzerland pa makina, koma lasiyana nayo pa wolipira. Nthambi yoyendetsa bungweli ya European Commission inati mankhwala a m'cipatala ndi zodzoladzola ndiwo amabweretsa 92 peresenti ya ululu wa timankhwala topezeka m'madzi a suweji, motero opanga zinthuzi ndiwo ayenera kusenza mtolowo. Makampani akukana ciwerengeroci, ponena kuti cinawerengedwa molakwika ndiponso kuti ndalama zenizeni zidzaposa zomwe zinalengezedwa. Mu 2025 mabungwe ao anakatula nkhaniyi kukhoti la European Union, ndipo boma la Poland nalo linapita kukhoti kukatsutsa mbali yomweyo ya lamuloli.

Kwa amene akulondola mankhwala onunkhiritsa, lamuloli lili ndi mipata yoonekeratu. Opanga sopo wocapira ndi mankhwala ofewetsa zovala sali m'gulu la olipira, conseco zinthu zao zimanyamula musk wambiri. Mankhwala 12 omwe asankhidwa kukhala coyezera ngati gawo lacinai likugwira nchito ndi a m'cipatala pafupifupi onse, ndipo mulibe musk ndi mmodzi yemwe. Mpata waukulu koposa ndi wakuti gawo lacinai limayeretsa madzi okha. Lamulo la European Union lokhudza kuthira matope a suweji m'minda ndi la mu 1986, ndipo malire omwe linaika ndi a zitsulo zoopsa monga mtovu ndi mkuwa cabe. Ndalama zambiri zikupita ku mbali ya madzi, pamene mbali yomwe musk wambiri amathera ikuyendabe ndi lamulo lakale.

Muno m'dziko, cithunzi cake ndi cosiyana kwambiri. Mu Lusaka, mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni malinga ndi kalembera wa mu 2022, nyumba zolumikizidwa ku mapaipi a suweji sizikwana ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo asanu. M'makomboni monga Kanyama, Chawama ndi George, madzi osambira ndi ocapira amatayidwa pabwalo, mumfolo kapena m'cimbudzi cokumba, ndipo safika pa sitesheni iliyonse. Dothi lokhala ndi zoola zambiri limagwirako musk, koma mbali yaikulu ya mzindawu yakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mapanga, momwe madzi a pamwamba amatsika msanga kukafika kumene zitsime zimatunga.

Umboni wakuti mankhwala a pakhomo amafika m'madzi a pansi ulipo kale. Mu 2015 akatswiri a British Geological Survey pamodzi ndi anzao a muno m'dziko anafalitsa zomwe anapeza m'zitsime ndi m'mijigo ya ku Kabwe, momwe munali DEET, mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, pafupifupi paliponse pamene anayeza, ndipo muyezo wake unkakwera m'nyengo ya mvula. Mu 2020 kafukufuku wina anaonetsa mankhwala a maantibayotiki ndi ocepetsa mphamvu ya kacilombo ka HIV m'madzi a m'dera la Chunga mu Lusaka. Njira yomwe mankhwala amenewa amadutsa ndi yomweyo imene thovu la sopo limadutsa.

Madzi omwe amalowa m'mapaipi a kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation Company akhala akupita ku masitesheni awiri owaza madzi pa miyala, ya Manchinchi ndi ya Chunga, ndiponso ku maiwe monga a ku Kaunda Square, Ngwerere, Matero ndi Chelston. Sitesheni ya Manchinchi inamangidwa dziko lisanalandire ufulu mu 1964, ndipo itakulitsidwa inafika pa malita 36 miliyoni patsiku, koma kwa zaka zambiri yakhala ikulandira oposa pamenepo. Madzi ake amathera mumtsinje wa Ngwerere, womwe umathira mu Chongwe, ndipo m'mbali mwake alimi amathirira repu, matimati ndi ndiwo zina zogulitsidwa m'misika ya mumzinda. A ku Chunga amatsata mtsinje wa Mwembeshi kukalowa mu Kafue.

Zomwe gulu la a Simonich linapeza zili ndi uthenga wolimbikitsa ku mzinda wotere. Maiwe, omwe ambiri amawaona ngati njira ya osauka, ndiwo anacita bwino koposa, ngakhale kuti omwe anayezedwa anali owerengeka cabe. Cinsinsi cake ndi nthawi. Madzi akakhala masiku ambiri, tizidutswa timakhazikika, dzuwa limaphwanya ena mwa mankhwalawo, ndipo ena amauluka. Dzuwa ndi kutentha dziko lino lili nazo zokwanira. Koma dziwe lodzaza matope, kapena lolandira madzi oposa muyezo wake, limataya mwai umenewu cifukwa madzi amangodutsa. N'cimodzimodzi ndi thanki yokhazikitsira matope yomwe yathodwa: tizidutswa timatuluka ndi madzi, titanyamula musk wathu wa m'bafa. Maiwe a ku Kaunda Square anakonzedwanso pansi pa mgwirizano wa Millennium Challenge wa ndalama zokwana madola 355 miliyoni, womwe unayenda kucokera mu 2013 mpaka 2018, ndipo phindu la nchito yotere limadalira kucotsa matope nthawi ndi nthawi.

Gawo lacinai la mtundu wa ku Ulaya silingakhale patsogolo pa zofunika za dziko lino pakali pano. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Okutobala 2023 unagwira anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, ambiri a iwo mu Lusaka, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Ndalama iliyonse yopezeka ili ndi nchito yoteteza miyoyo lero lomwe. Makina a ozoni amafunanso magetsi osazima, pamene mu 2024 cilala citacepetsa madzi pa damu la Kariba, madera ambiri ankakhala opanda magetsi maola okwana 20 patsiku.

Ubwino wake ndi wakuti nchito zoteteza anthu ku kolera ndi zomwezo zimene zimacepetsa musk m'mitsinje: kulumikiza nyumba zambiri ku mapaipi, kusathodwetsa masitesheni, ndi kutulutsa madzi opanda litsiro. Pulogalamu ya Lusaka Sanitation Programme, yomwe inayamba mu 2015 ndi thandizo la World Bank, African Development Bank, European Investment Bank ndi banki ya KfW ya ku Germany, ili ndi mbali yomanga masitesheni atsopano ku Chunga ndi ku Ngwerere. Masitesheni amenewa akamagwira bwino nchito, madzi otuluka adzayera, ndipo pa cifukwa comweco matope adzaculuka ndi kunyamula mankhwala ambiri kuposa kale.

Pamenepa ndi pamene mabungwe oyang'anira, la Zambia Environmental Management Agency lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 ndi la National Water Supply and Sanitation Council loyang'anira makampani a madzi, ali ndi nchito yomwe sifuna makina okwera mtengo. Kuyeza kwa masiku onse kumayang'ana kwambiri pa litsiro, zonyansa zoola, tizilombo ta m'cimbudzi ndi zitsulo zoopsa. Matope ouma a ku Manchinchi akhala akugulidwa kwa zaka zambiri ngati manyowa a kapinga, maluwa ndi madimba, ndipo pamene mtengo wa feteleza uli wokwera, ogula sangasowe. Kuletseratu monga anacitira a ku Switzerland kungakhale kutaya cuma comwe nthaka yathu ikufuna. Cotheka ndi kuika malamulo omveka onena za mbeu zomwe matopewa angathiridweko, kuculuka kwake pa hekitala, ndi nthawi yomwe ayenera kukhala pa mpweya ndi padzuwa asanagulitsidwe. Kupereka matopewa ku mitengo, kapinga ndi mbeu zosadyedwa zosaphika kumateteza ku mazira a njoka za m'mimba ndi ku mankhwala omwe, pamene kuwathira pa karoti ndi mbeu zina za mizu ndiko kofunika kupewa koyamba.

Mfundo yakuti wopanga alipire si yacilendo muno. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo opatsa opanga katundu udindo pa zinyalala zocokera ku katundu wao, omwe anayambira pa mapepala a pulasitiki ndi zolongedzera. Zomwe zikucitika ku Ulaya zikuonetsa kuti mfundo yomweyo ingafike pa zinthu zotsika m'paipi, ndiponso kuti makampani salandira mtolo wotere mwakacetecete.

Wogula payekha ali ndi mphamvu yocepa, popeza pa botolo kapena pa paketi mankhwala onse onunkhiritsa, omwe angakhale makumi angapo, amabisika m'liu limodzi lakuti parfum kapena fragrance. Lamulo lina la European Union la mu 2023 linaonjezera maina 56 pa mankhwala onunkhiritsa oyenera kulembedwa paokha pa zodzoladzola, ndipo galaxolide ali m'gululo pansi pa dzina lakuti hexamethylindanopyran. Colinga cake ndi kucenjeza anthu omwe khungu lao limadana ndi mankhwala ena, koma cidzathandizanso aliyense wofuna kudziwa comwe akutsitsira m'paipi. Lamulolo linaika 31 Julaye 2026 kukhala malire a katundu watsopano wolowa pamsika, ndi 31 Julaye 2028 kwa katundu yemwe ali kale m'masitolo. Katundu wopangidwira misika ina, kuphatikizapo ya m'cigawo cino ca kum'mwera kwa Africa, sakukhudzidwa ndi lamulo limeneli.